Ndege ya mu filimu siinaulukepo

Owerenga ena a m'makomboni a mafamu a ku Banket ndi Trelawney atitumizira kanema amene wadzaza pa WhatsApp. M'kanemayo muli ndege yakuda, yosongoka ngati mkondo, ndipo mawu ake akuti Amereka ili kale ndi ndege yothamanga kuwirikiza kakhumi liwiro la mawu, koma ikubisa. Ayi ndithu. Imeneyo ndi Darkstar, chidole chachikulu chimene anachipangira filimu ya Tom Cruise yotchedwa Top Gun: Maverick ya 2022. Akatswiri a Lockheed Martin anathandiza kuchikonza, n'chifukwa chake chimaoneka ngati chenicheni. Mchimwene wake, SR-72, amene kampaniyo inalengeza mu 2013, dziko likumuonabe pa zojambula basi.

Zoterezi si zachilendo. X-20 Dyna-Soar anaithetsa mu December 1963 isanaulukepo. Mu 1986 pulezidenti wa Amereka Ronald Reagan analonjeza ndege yochoka ku Washington n'kutera ku Tokyo m'maola awiri. Ntchito yopanga ndegeyo, X-30, inadya ndalama zankhaninkhani, n'kufera pa pepala.

Chimodzi mwa zimene zimaziphera m'mazira ndi kutentha. Inu amene mumachezera usiku kusonkhezera nkhuni poumitsa fodya mukudziwa kuti madigiri 70 okha munthu sakhalitsa m'katimo. Thupi la ndege ya X-15 analipanga kuti lipirire madigiri oposa 600, chifukwa pa liwiro lotere mpweya umasanduka ng'anjo. Pa 3 October 1967 Pete Knight anaithamangitsa makilomita 7,274 pa ola. Inatera itapserera, chitsulo cha kumimba chitabooka, injini yoyeserera imene anaimangirira pansi itathothoka. Ndege imeneyo siinaulukenso, ndipo mpaka lero palibe woyendetsa ndege wina amene anaposa liwirolo.

Inafika pafupi ndi zimene kanemayo akunena ndi X-43A, mu November 2004. Koma taonani kukula kwake: siinakwane mamita anayi, inalibe munthu, anachita kuinyamula pa B-52, roketi n'kuikankha, injini yake n'kuyaka masekondi pafupifupi khumi okha, kenako thi! m'nyanja ya Pacific.

Kuti asilikali amabisa zina, sitikutsutsa. Koma chinsinsi cha boma sichipezeka mu filimu ya Tom Cruise. Amalume, akakutumizirani kanemayo, musawonongere bandulo yanu kumugawa. Funsani kaye tsiku limene inauluka, malo ake, ndi dzina la amene anaiyendetsa.