Britain Inatuluka mu EU: Tiyeni Titsegule Buku, Phindu Lili Kuti?

Amai ndi atate a pa Soweto, City Market, Kamwala, Kapata ndi misika yonse, inu mumadziwa chinthu chimodzi chimene andale ambiri amachithawa. Kuchuluka kwa anthu pa tebulo si phindu. Phindu limaoneka madzulo, mukachotsa ndalama ya oda, ya transipoti, ya tiketi ya kanselo, ya mnyamata wa wilibala, ndi matimati amene aphwanyika pansi pa bokosi. Zotsalazo ndiye zanu. Lero tikufuna tiwerenge motero buku la dziko la Britain, limene linasankha kutuluka m'gwirizano wa maiko a ku Ulaya, uja wa EU. Mpaka manje azungu akali kukangana: ena ati zinayenda bwino, ena ati anadziwotcha okha.

Pa 23 June 2016 anthu anaponya voti. Ofuna kutuluka anapeza 52 pa 100, ofuna kukhala 48. Ku Scotland 62 pa 100 anakana kutuluka, koma anakokedwa ndi unyinji wa ku England ndi Wales. Kutuluka kwenikweni kunachitika pa 31 January 2020, ndipo malamulo atsopano a malonda anayamba pa 1 January 2021. Nthawi yapita yokwanira kuti tifunse.

Funso la kuti zinayenda kapena ayi lili ndi msampha. Mukafunsa wandale, amayamba wasuntha chigoli kenako n'kukuuzani kuti wagoletsa. Njira yachilungamo ndi kubwerera ku zimene analonjeza pa nthawi ya kampeni, osati zimene akukamba lero. Munthu akakutengani ndalama ya chilimba ati adzabweza ndi ya pamwamba, simumuweruza ndi nkhani yokoma imene wabwera nayo pa tsiku lobweza. Mumatsegula kabuku.

Lonjezo lalikulu linalembedwa pa basi yofiira imene Boris Johnson ndi anzake anazungulira nayo dziko. Uthenga wake unali wakuti Britain imatumiza mapaundi 350 miliyoni ku EU sabata iliyonse, ndipo ndalamayo ingathe kupita ku zipatala za boma, za NHS. Nambalayo inali yokokomeza. Sanachotsepo kuchotsera kumene Margaret Thatcher anapezera dziko lake mu 1984, sanachotsepo ndalama zimene zinali kubwerera kwa alimi ndi madera osauka. Zili ngati kuuza anthu kuti mwaluza K500 pa oda, osatchula kuti katundu munabwera naye. Ofesi ya boma yoyang'anira ziwerengero inadzudzula nambalayo kampeni ili mkati, koma basi inapitiliza kuyenda. Zoona, mu 2018 boma la Theresa May linalengeza kuonjezera ndalama za zipatala. Koma ndalamayo inachokera ku misonkho ndi nkhongole, kaili potuluka Britain inasiyidwanso ndi bilu ya chisudzulo yopitilira mapaundi 30 biliyoni. Pofika 2023 mzere wa odikira chithandizo m'zipatala za ku England unapitilira 7 miliyoni. Covid ili ndi mbali yaikulu pamenepo, sitikana, koma palibe angaime n'kunena kuti basi ija inachiritsa zipatala.

Lonjezo lachiwiri ndi limene linakoka mavoti ambiri: kuchepetsa alendo. Anthu anauzidwa kuti a ku Poland ndi Romania akuwalanda nchito ndi nyumba. Voti isanachitike, olowa kuchotsapo otuluka anali pafupifupi 330,000 pa chaka. Mu 2023, atatuluka kale, nambalayo inapitilira 900,000. Mwamva bwino. Anatseka khomo la ku Ulaya, n'kupeza kuti palibe wosamalira nkhalamba, palibe manesi okwanira, ndiye anatsegula khomo lina la India, Nigeria, Zimbabwe ndi maiko ena. Apa m'pamene nkhaniyi inafika m'makomboni mwathu, chifukwa ambiri a inu muli ndi mwana, mlongo kapena bululu amene anakwera ndeke kukagwira nchito ya unesi kapena yosamalira okalamba. Ena anathandizika, amatumiza kangachepe kumapeto a mwezi. Koma onani mmene khomolo linatsekedwera. Mu March 2024 anati osamalira okalamba asabwerenso ndi amuna awo, akazi awo kapena ana. Mu July 2025 anatsekeratu kulemba anthu atsopano a nchitoyi kuchokera kunja. Nambala yatsika manje, inde, koma yatsika ndi malamulo amene anabwera pokonza chisokonezo chimene anachipanga okha.

Tsono tiyeni pa malonda, chifukwa apa m'pamene inu mungaphunzitse aprofesa.

Britain ili mu EU, munthu wa ku Manchester anali kugulitsa katundu ku Paris monga mmene inu mumatumizira thumba la kapenta ku Kabwe. Palibe fomu, palibe woimitsa galimoto. Potuluka anasainirana pangano pa 30 December 2020 lakuti sipadzakhala msonkho wa kasitomu pa katundu wopangidwa m'maiko awo. Andale anaomba m'manja, ati taonani, malonda aulere. Koma amene anaimapo pa Nakonde kapena Chirundu amadziwa kuti msonkho si ndiwo wokha umene umapha bizinesi. Chimapha ndi pepala. Fomu ya kasitomu, chikalata chosonyeza kumene katundu anapangidwa, satifiketi ya dokotala wa ziweto ngati ndi nyama, nsomba kapena mkaka, ejenti wofuna zake, ndi maola amene thiraki yaima pa mzere katundu akufunda.

Mwezi woyamba womwewo, January 2021, katundu wopita ku EU anatsika ndi pafupifupi 40 pa 100. Pambuyo pake anakwerako, koma asodzi a ku Scotland sadzaiwala mwezi umenewo. Nkhanu ndi zina za m'nyanja zimene zimafunika kufika ku France zili zamoyo zinali kuonongeka poyembekeza mapepala, mpaka eni ake anayendetsa mathiraki awo kupita ku London kukachita zionetsero pafupi ndi nyumba ya nduna yaikulu. Ndipo asodzi ndi ena mwa anthu amene anauzidwa kwambiri kuti kutuluka kudzawalemeretsa.

Chimene chimatipweteka mtima ndi ichi. Kampani yaikulu ili ndi ofesi yonse ya anthu olemba mafomu. Ikatumiza kontena yathunthu, mtengo wa satifiketi umasungunuka mu katundu wambiri, sumveka. Koma mai wopanga tchizi pa famu yake, wotumiza kaphukusi kamodzi kamodzi kwa makasitomala a ku Germany, satifiketi imodzi ingadule kuposa katundu ali m'phukusimo. Achita bwanji? Amangoleka. Ofufuza a pa London School of Economics anapeza kuti makampani opitilira 16,000 analekeratu kugulitsa ku EU malamulo atsopano atayamba, ndipo ambiri anali ang'onoang'ono, pamene akuluakulu anapitiliza monga kale. Ndiye mukamva wina akuti chuma sichinagwe, mufunseni kuti chuma cha ndani. Nambala ya dziko lonse ingaoneke yoima bwino pamene pansi pake tuntemba tukutsekedwa kamodzi kamodzi popanda wolira maliro.

Boma la Britain lenilenilo linaopa mapepala ake. Linazengereza kasanu kuyamba kusecha chakudya chochokera ku EU, poopa kuti mitengo m'masitolo idzakwera, mpaka linayamba mu April 2024. Kutanthauza kuti kwa zaka zitatu mlimi wa ku France anali kulowetsa katundu wake mosavuta, pamene mlimi wa ku Britain anali kutuluka thukuta pa boda. Kulamulira malire kumene analonjeza kunayamba ndi kumanga mwana wa pakhomo.

Anati osadandaula, tidzagulitsa ku dziko lonse lapansi. Anasaina mapangano ndi Australia ndi New Zealand, ndipo mu December 2024 analowa m'gulu la malonda la maiko a ku Pacific. Koma boma lokha linawerengera kuti pangano la Australia lidzaonjezera chuma ndi 0.08 pa 100 chabe. George Eustice, amene anali nduna yoona za ulimi pa nthawiyo, atachoka pa mpando anauza nyumba ya malamulo mu 2022 kuti panganolo silinali labwino kwenikweni kwa Britain. Kumbali ina, bungwe la boma loona za bajeti, la OBR, limawerengera kuti m'kupita kwa nthawi chuma chidzachepa ndi 4 pa 100 poyerekeza ndi mmene chikanakhalira. Ikani 0.08 mbali iyi, 4 mbali iyo, muone sikelo. Chifukwa chake n'chosavuta. Kuchoka ku Dover kufika ku Calais ndi mtunda wonga wa Lusaka kufika ku Kafue. Australia ili kuseri kwa dziko. Kasitomala wa tsiku ndi tsiku ndi uja wa pafupi, ndipo mpaka lero EU ndiye msika waukulu wa Britain.

Koma tisanamize mbali imodzi chabe. Ofuna kukhala nawonso anaopseza anthu mopitiliza. Unduna wa zachuma pansi pa George Osborne unati voti yotuluka ikangopambana, chuma chidzagwa nthawi yomweyo ndipo anthu 500,000 adzaluza nchito. Sizinachitike. Paundi inagwadi usiku womwewo, kuchoka pafupifupi $1.50 kufika $1.33, kutsika kumene sikunaoneke kuyambira 1985, ndipo katundu wa kunja anadula. Ife a kwacha sitifunika kuuzidwa mmene zimenezo zimamvekera m'thumba. Koma mafakitale sanatseke onse, nchito zinalipo, ndipo malonda a mabanki, maloya ndi ukatswiri wina akupitabe bwino. Ndiponso Covid ndi nkhondo ya ku Ukraine zinagwa pa nthawi yomweyo, moti si vuto lililonse limene tingalikoloweke pa kutuluka. Pamene mafuta anasowa pa mafilingi sitesheni mu September 2021 mpaka asilikali anaitanidwa kuyendetsa matanka, kusowa kwa madalaivala kunali ndi zifukwa zingapo, kuchoka kwa a ku Ulaya kunali chimodzi mwa izo.

Palinso anthu amene anavota osati chifukwa cha ndalama. Anati tikufuna malamulo athu apangidwe ndi anthu amene tingawachotse pa voti, osati a ku Brussels. Amenewa sitingawaseke, ife amene makolo athu anamenyera ufulu kwa Britain yemweyo mpaka 1964. Mphamvuyo anaipezadi, ndipo anaigwiritsako nchito, monga pamene anachotsa VAT pa mapadi a azimai mu January 2021. Koma nayonso inabwera yodulidwa. Northern Ireland, chifukwa cha malire ake ndi Ireland ndi pangano la mtendere la 1998, ikutsatabe malamulo ambiri a EU pa katundu, moti panabadwa mapepala pakati pa zigawo za dziko limodzi. Ndipo fakitale iliyonse yofuna kugulitsa ku Ulaya imatsatabe miyezo ya EU, kusiyana kwake n'kwakuti manje Britain ilibe mpando pa tebulo pamene miyezoyo imalembedwa.

Chigamulo chathu ndi ichi: poyesa ndi malonjezo a 2016, kutuluka sikunapambane. Si tsoka la tsiku limodzi monga moto wa pa msika. Ndi thumba lobooka pansi, limene mumanyamula osadziwa mpaka mutafika kunyumba n'kuona kuti lapepuka. Ngakhale Nigel Farage, tate wake wa nkhani yonseyi, anavomera pa BBC mu May 2023 kuti zalephera, ngakhale iye amaloza chala andale kuti ndiwo anaziyendetsa moipa. Umenewo ndi uja mkambidwe wa sing'anga, ati mankhwala anali bwino koma wodwala ndiye anamwa molakwa. Kuchoka 2016 kufika 2024 dzikolo linasintha nduna zazikulu mpaka kukwana zisanu ndi imodzi, ndipo kafukufuku wa maganizo a anthu wakhala akusonyeza kwa zaka zingapo kuti opitilira theka amati kutuluka kunali kulakwitsa.

Mwina mukuti, nanga ife za azungu zitikhudza chani? Zambia ilibe nyanja, yazunguliridwa ndi maiko asanu ndi atatu, ndipo likulu la COMESA lili mu Lusaka momwemuno. Mai wodutsa pa Mwami kapena Chirundu ndi katundu wosapitilira $2,000 ali ndi njira yachidule ya mapepala chifukwa cha mgwirizano umenewo, ngakhale tonse tidziwa kuti pa boda zolembedwa ndi zochitika sizifanana masiku onse. Ndipo kutuluka si nkhani ya ku Ulaya chabe. Tanzania inachoka mu COMESA mu 2000. Mali, Burkina Faso ndi Niger zinachoka mu ECOWAS mu January 2025. Katundu wa kunja akakuphwanyirani mtengo pa tebulo, mau akuti titseke maboda, tiyime patokha, amakoma m'khutu, ndipo mkwiyo wanu ndi woona. Koma wobwera ndi mau amenewo akuuzeni kuti zitenje mudzaoda kuti, chimanga ndi soya tidzagulitsa kwa ndani, ndipo fomu yatsopano adzalipira ndani. Alembe manambala ake ndi chaka chimene tidzamufunse.

Ku Britain komweko, mu May 2025 Keir Starmer anakhala pansi ndi akuluakulu a EU ku London kupempha kuti mapepala a chakudya ndi ziweto achepetsedwe. A EU anavomera kukambirana, koma anatchula mtengo wawo: Britain izitsata malamulo a EU pa chakudya, ndipo maboti a ku Ulaya apitilize kugwira nsomba m'madzi a Britain mpaka 2038. Starmer anavomera zonse ziwiri.