Bwinja Liri ndi Mau

Munthu poyenda m'minda ya kwa Kabudula kapena ku Nsaru, nthawi zina afika pamalo pa dothi lakuda, pomera nsatsi, pomwazika mapale. Akulu ati, "Pano mpabwinja." Ndiko kuti kale panali mudzi, koma eni ace anacoka. Ena anasamuka cifukwa nthaka inaguga. Ena anatopa ndi maliro. Enanso anathawa nkhondo ya Angoni ndi ogwira akapolo.

Mabwinja sali kuno kokha ai. Ku England aliko ambiri. Mudzi wina wa kumeneko, dzina lace Wharram Percy, unacepa anthu ndi mliri wa 1348 ndi 1349. Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1500, eni dziko anali atacotsa alimi kuti minda ikhale busa la nkhosa. Kuyambira 1950 kufikira 1990 anthu ophunzira anakumba pamenepo mosamala, napeza maziko a nyumba ndi zipangizo za eni mudzi. Potero anadziwa makhalidwe a alimi osauka amene mbiri yao sinalembedwe.

Comweco cinacitikanso ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali mzinda wa Kalonga, mfumu ya Amaravi. Yusuf Juwayeyi anakumbako, napeza mkuwa, minyanga ya njobvu, mikanda ya galasi, ndi zibenthu za mbale zocokera ku China. Zinthu zimenezi zicitira umboni kuti makolo a Acewa anacita malonda ndi maiko akutali Azungu asanakhale m'dziko muno.

Tsono bwinja sindilo dzala. Makolo sanasiye mabuku, koma anasiya mapale, mphero ndi ng'anjo zosungunulira citsulo. Phale limodzi likhoza kuuza wodziwa za anthu amene analiumba ndi nthawi yao. Koma likacotsedwa pamalo pace, mau ace atha. Amene aphwanya ng'anjo yakale kuti awonjeze mizere iwiri ya fodya apindula pang'ono, koma dziko lonse litaya cinthu cosabwezeka.

Cifukwa cace mwana wanzeru akapeza mphika wakale kapena mikanda polima, asaswe, asaseweretse, asagulitse. Azisiye pomwepo, nakauze mphunzitsi ndi nyakwawa, kuti iwo adziwitse a boma osunga zakale. Afunsenso agogo ace dzina la bwinjalo akali moyo, pakuti nkhalamba ikapita, dzinalo lipita nayo.