Kodi Nkhani ya Khorne, Mulungu Wamagazi, N'njoyenera Kuiopa?

Tsiku lina madzulo ku hositelo ndinkasewera gemu ya pakompyuta yotchedwa Total War: Warhammer III, yomwe inatuluka m'chaka cha 2022. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi anasuzumira n'kuona ziwanda zofiira zanyanga zitanyamula malupanga. Atandifunsa, ndinamuyankha mosabisa kuti amenewo ndi asilikali a Khorne, mulungu wamagazi. Iye anangoti, "Achimwene, mwayamba za Satana." Sabata yonse sanadye nane nsima. Zimenezi zinandiwawa, komanso zinandichititsa kuganiza mozama. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti nkhani ya Khorne si yofunika kuithawa ayi, koma kuiwerenga modekha, popeza ili ndi phunziro lokhudza mkwiyo wa anthufe.

Poyamba, tidziwe kumene Khorne anachokera, pajatu akuluakulu anati safunsa anadya phula. Palibe mtundu wa anthu umene unapembedzapo mulungu ameneyu. Iye ndi mpangankhani amene anapekedwa ndi kampani ya Games Workshop, yomwe inakhazikitsidwa ku London mu 1975 ndipo likulu lake lili ku Nottingham. Kampaniyi imapanga tizidole ta asilikali timene anthu amatipaka utoto n'kumasewera nato nkhondo patebulo. Masewero a Warhammer anayamba mu 1983, a Warhammer 40,000 anabwera mu 1987, ndipo buku la Realm of Chaos: Slaves to Darkness la mu 1988 linalongosola za Khorne mwatsatanetsatane. M'nkhanizi iye ndi mmodzi mwa milungu inayi yachisokonezo. Inayo ndi Tzeentch, Nurgle ndi Slaanesh. Khorne amakhala pampando wamkuwa umene uli pamwamba pa phiri la zigaza za anthu. Nambala yake yopatulika ndi 8, ndipo amadana ndi matsenga chifukwa amawaona ngati chida cha amantha.

Chachiwiri, tione mmene omutsatira ake amamupembedzera. Iwo sataya nthawi ndi kumanga akachisi kapena kugwada n'kumapemphera. Malo awo opembedzera ndi kunkhondo, ndipo nsembe yawo ndi magazi ndi zigaza. Chodabwitsa n'chakuti Khorne sasankha mwini magaziwo. Kaya ndi a mdani, kaya ndi a mbale, kaya ndi a wopereka nsembe yemweyo, iye amalandira. Chitsanzo chabwino ndi Khârn, msilikali wotchuka wa gulu la World Eaters, amene pankhondo ya ku Skalathrax anatembenukira anzake omwe n'kuyamba kuwapha, mpaka gulu lonse linagawikana. M'malo molangidwa, Khârn ndiye anakhala wokondedwa wa mulungu wakeyo.

Apa m'pamene ndimaona kusiyana kwakukulu ndi nsembe zimene timazidziwa. Makolo athu akamathira ufa kapena mowa pansi pa mtengo, ankapempha mvula, mtendere ndi thanzi la ana. Nsembeyo inali ndi cholinga, ndipo ikatha anthu ankabwerera kuminda. Nsembe ya Khorne ilibe potsirizira. Mphoto ya wopha anthu khumi ndi mphamvu zoti akaphe zana. Wolemba amene amajambula chipembedzo chotere sakuchiyamikira, koma akutionetsa kupanda pake kwake.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chenicheni, olemba nkhanizi amati Khorne sanalenge anthu. Iye ndiye anabadwa kuchokera ku mkwiyo ndi chidani cha zamoyo, ndipo amanenepa nthawi iliyonse pamene wina wakhetsa magazi mwaukali. Choncho ngakhale munthu amene akulimbana ndi Khorne, ngati akupha atadzazidwa ndi chidani, ndiye kuti akumudyetsa. Mu Warhammer 40,000 ufumu wa anthu, umene umadzitcha mdani wa milungu yachisokonezo, nawonso umapereka miyoyo ya anthu 1,000 tsiku lililonse kuti mfumu yawo ipitirize kukhala ndi moyo pampando wake wagolide. Woweruza ndi woweruzidwa onse ali ndi magazi m'manja.

Mfundo imeneyi ikandifika m'maganizo ndimakumbukira zimene zinachitika kuno kwathu mu 2017. Mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma ena a chigawo cha kummwera mpaka kufika mumzinda wa Blantyre. Anthu ena osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena poopa chitetezo chawo. Magazi amene tonse tinawaona ndi maso anakhetsedwa ndi anthu amene ankati akuteteza magazi a abale awo. Palibe mmodzi mwa iwo amene akanavomera kuti akupereka nsembe kwa mulungu wamagazi. Koma tikaziyika m'chilankhulo cha nkhani ya Khorne, zimene anachitazo ndi kupembedza kumene iye amakufuna. Nkhani yopeka imene aliyense akudziwa kuti n'njopeka imatipatsa mpata woganiza. Yoopsa ndi nkhani yopeka imene anthu aikhulupirira kuti ndi yoona.

Komabe sindingakane kuti mnzanga uja ali ndi mfundo. Si aliyense amene amawerenga nkhani zotere ndi maso otsegula. Alipo ena amene amangokopeka ndi nkhwangwa ndi magazi, phunziro lonse n'kuwadutsa. Kampani ya Games Workshop yomwe inakumana nalo vutoli. Mu Novembala 2021, munthu wina atapita kumpikisano wa masewerowa ku Spain atavala zizindikiro za chipani cha Nazi, kampaniyi inatulutsa chikalata chokumbutsa anthu kuti ufumu wa m'nkhani zake ndi chenjezo, osati chitsanzo chabwino, ndiponso kuti sikufuna anthu achidani pakati pa osewera ake. Izi zikusonyeza kuti nkhani yochenjeza ikhoza kumvedwa molakwika. Ndikuvomerezanso kuti zithunzi za magemu amenewa si zoyenera ana aang'ono. Koma mankhwala a kuwerenga molakwika ndi kuphunzitsa anthu kuwerenga bwino. Nthano za agogo athu zili ndi zimphona zomeza mudzi wonse, koma palibe amene ananena kuti agogowo amapembedza zimphona.

Pomaliza, ife ophunzira zilankhulo ndi zolembedwa tili ndi udindo wosiyanitsa zimene nkhani ikuonetsa ndi zimene ikulimbikitsa. Tikalephera kutero, tidzakhala olemba amantha, osatha kujambula choipa m'nkhani zathu poopa kutchedwa afiti. Mnzanga uja tinadzakhala pansi n'kukambirana. Sanasinthe maganizo ake pa gemuyo, ndipo ine ndimaisewera iye kulibe pomulemekeza. Koma nditamufunsa kuti ndani anakhetsa magazi ku Mulanje mu 2017, anakhala chete kwa nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndikasambe m'manja tidye nsima.