Nyumba yamatayala ya ku Monkey Bay

Mwezi uno ndiyambe ndi kuulula. Chaka chatha ndinatsala pang'ono kugula nyumba yamatayala.

Zinayamba mu Ogasiti, ana atatsekera sukulu. Tinachoka ku Lilongwe kukaona alamu anga ku Monkey Bay, ndipo tsiku loyamba la sabata tinati tikafike ku Cape Maclear kuti ana akaione nyanja bwinobwino. Pamalo ena ogona alendo m'mudzi wa Chembe tinapeza banja lina lachikulire lochokera ku South Africa litakhala pamipando yopinda pansi pa mtengo. Kumbuyo kwawo kunali kalavani yoyera, yomwe anaikoka pagalimoto kuchokera kwawo. Ataona mwana wanga wamng'ono akusuzumira, anatiitana kuti tilowe. M'kati munali bedi, tebulo lomwe usiku limasanduka bedi lina, kafiriji, kasinki ndi chitofu cha gasi. Mwana uja anangoti, "Adadi, tiguleni iyi." Ine ndinaseka, koma mtima unali utapita kale.

Sindinakopeke ndi kukongola kokha ayi. Banja lathu, monga mabanja ambiri a mumpingo, silidziwa tchuthi. Tikayenda ulendo ndiye kuti kuli maliro, ukwati kapena msonkhano wa misasa. Mwana wathu woyamba ali fomu 3, ndipo ndikawerenga zaka zomwe zatsala kuti achoke pakhomo, zala za dzanja limodzi zikukwanira. Ndinkaganiza kuti tikakhala ndi kalavani tidzakakamizika kumayenda limodzi. Komanso nkhani ya chakudya imatha: mumaphika nokha, simufunsa ngati mphika wa ndiwo zanu waphikidwamo nkhumba, ndipo Lachisanu mumakonzekera Sabata ngati muli kwanu. Ku msonkhano wa misasa nako, m'malo mokamanga msasa wa udzu, mungokafika n'kuimika.

Ndinawauza alamu maganizo amenewa. Pasanathe milungu itatu anandiimbira foni kuti pali munthu wina cha ku Mangochi yemwe anabwera ndi kalavani kuchokera ku Joni ndipo akuigulitsa. Izi sizinandidabwitse. Anthu a ku Mangochi akhala akupita ku Joni kwa zaka zambirimbiri, ndipo pobwera amatenga chilichonse, kuyambira matiresi mpaka galimoto. Mtengo womwe anatchula unali wofanana ndi fizi ya ana athu awiri chaka chonse. Ndalamayo tinali nayo, koma inali ya malata a nyumba yathu yomwe tikumanga.

Amayi akunyumba sanakane. Iwo sakana zinthu, amangofunsa mafunso. Madzulo titatha mapemphero anati, "Abambo, kalavaniyo pachaka tizigonamo masiku angati?" Ndinawerenga: mlungu umodzi ku nyanja, mlungu umodzi ku misasa. Masiku 14. "Nanga masiku enawo izikhala kuti?" Pakhomo pathu pa lendi, galimoto imodzi yokha imalowa movutikira. "Nanga iziyenda ndi chiyani?" Apa ndinayankha molimba mtima kuti tili ndi galimoto. Anangondiyang'ana. Galimoto yathu ndi ka Sienta.

Komabe ndinapita kukaiona, ndipo ndinachita mwanzeru kutenga makaniko wina wa mumpingo wa alamu. Zomwe anandiphunzitsa tsiku limenelo ndizilemba pano, chifukwa mwina wina mwa inu galimoto yake ndi yaikulu ndipo ndalama zake si za malata.

Iye sanayambire m'kati momwe ine ndinkathamangira. Anagona pansi n'kuyang'ana zitsulo zomwe zanyamula kalavaniyo, akuzigogoda kuti amve ngati dzimbiri lazidya. Kenako anayang'ana matayala. Kwa ine anali atsopano, mapazi ake osatha n'komwe. Iye anandionetsa manambala anayi omwe amalembedwa m'mbali mwa tayala lililonse: awiri oyambawo ndi mlungu, awiri omalizawo ndi chaka chomwe tayalalo linapangidwa. Matayala aja anali ndi zaka zoposa khumi, ndipo m'mbali anali atang'ambikang'ambika timizere. Anati tayala la kalavani silitha ndi msewu, limatha ndi dzuwa komanso kungokhala malo amodzi, ndiye limaphulika tsiku lomwe mwaisenzetsa katundu.

Titalowa m'kati anandiuza kuti ndinunkhize. Munkamveka fungo la chinyezi ngakhale mwiniwake anali atapoperamo zonunkhiritsa. Anatsegula makabati a m'mwamba, n'kumadina khoma ndi chala m'makona ndi pansi pa mazenera. Pakona ina chala chinalowa ngati akudina buledi. Makalavani ambiri akale, khoma lake ndi lata lopyapyala kunja, timatabwa ndi pulayiwudi m'kati. Madzi akapeza polowera padenga kapena pazenera, matabwawo amawola mwakachetechete, kunja kukuoneka kowala. Paipi ya gasi nayo inali youma, yosweka. Mabuleki a kalavaniyo, omwe amayenera kugwira okha galimoto ikamaima, anali atamatirira.

Ndiye panabwera nkhani ya mapepala. Ndinafunsa za msonkho wa ku MRA ndi kalembera wa ku Road Traffic. Wogulitsayo anati, "Bwana, zimenezo n'zazing'ono, tikonza mukalipira." Mawu amenewa, kaya mukugula kalavani, galimoto kapena puloti, mukawamva bwezani dzanja m'thumba.

Koma chomwe chinandithetsa nzeru ndi kulemera. Pachitseko panali kachitsulo kolembedwa kulemera kwa kalavaniyo ikadzaza, ndipo sikunasiyane kwenikweni ndi kulemera kwa galimoto yathu. Makaniko anandifunsa kuti pobwera ku nyanja ndimadzera njira iti. Ndinati ya Dedza, kutsikira ku Golomoti. Anaseka. Aliyense amene anatsikapo Khwekhwerere akudziwa makhotakhota ake, ndi momwe mabuleki amanunkhira ukafika pansi. Tsono taganizani kagalimoto ka injini yaing'ono, muli anthu asanu ndi katundu, kumbuyo kukukankhidwa ndi nyumba yopanda mabuleki. Pobwerera n'kukwera phiri lomwelo. Ngakhale kamsewu ka ku Cape Maclear, ka makilomita pafupifupi 18 kuchokera pamphambano ya msewu wa ku Monkey Bay, kamadutsa m'mapiri ndipo n'kopapatiza. Mafuta osanena. Galimoto yokoka katundu imamwa kwambiri, ndipo tonse tikudziwa mizere ya pafilingi siteshoni m'zaka zapitazi. Chikathyoka chinthu, sipeyala yake ili ku Joni, yogula ndi ndalama yakunja, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Ndinabwerera ku Lilongwe wopanda kalavani, ndipo ndisaname, zinandiwawa. Kwa mlungu wathunthu ndinkangoyang'ana zithunzi zake pafoni.

Amene anatsegula njira ndi mwana wathu wamkazi, yemwe ali mu Pathfinder. Anati, "Adadi, ife ku kampu timagona m'tenti, ndipo sitifa." Tinagula tenti yaikulu ya pakaunjika, yokwana anthu asanu ndi mmodzi, tinakasoketsa zipi yake kwa telala, n'kugula timatiresi topyapyala. Zonse pamodzi sizinafike ngakhale pa mtengo wa matayala a kalavani ija. Tinaiyesa kaye pabwalo pakhomo, anthu oyandikana nafe akutiyang'ana ngati tapenga, ndipo n'pomwe tinazindikira kuti zikhomo zinayi zikusowa. Bola kuzindikira uli pakhomo.

Tchuthi chotsatira tinakagona masiku asanu m'mbali mwa nyanja. Malo ambiri ogona alendo ku Cape Maclear ndi kuzungulira Monkey Bay amalola kumanga tenti pamtengo wotsika kuposa chipinda, ndipo mumagwiritsa ntchito bafa ndi chimbudzi chawo. Imbani foni musananyamuke, mufunsenso ngati pamalopo pali bala yomwe imaimba nyimbo usiku wonse. Ife tinasankha malo a phee, chakumapeto kwa mudzi.

Popeza tsamba lino ndi la zaumoyo, ndisadumphe zomwe tenti kapena kalavani singakutetezeni. Choyamba ndi likodzo. Cape Maclear ndi malo ena a kummwera kwa nyanja akhala akudziwika ndi matendawa kwa zaka zambiri. Tizilombo take timakhala mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi osaya, makamaka pomwe pali udzu ndi bango komanso pomwe anthu ambiri amasamba ndi kuchapa. Timalowa pakhungu munthu osamva kanthu. Kuuza mwana yemwe waona nyanja koyamba kuti asalowe m'madzi n'kungotaya mawu, ndiye ife tinasankha malo a miyala, kutali ndi bango, ndipo akatuluka ankadzipukuta ndi thaulo msanga. Izi zimachepetsa chabe, sizitchinjiriza kotheratu. Chofunika n'chakuti patapita miyezi iwiri mutabwerako mupite kuchipatala, muwauze kuti munasamba m'nyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi, ndipo kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi sikuthandiza chifukwa tizilomboto timakhala tisanakule. Musadikire kuona magazi mumkodzo. Ena alibe chizindikiro chilichonse kwa nthawi yaitali, kwinaku chikhodzodzo chikuwonongeka.

Chachiwiri ndi malungo. Ku nyanja n'kotentha ndipo udzudzu ndi wambiri kuposa ku Dedza kapena ku Lilongwe. Tinatenga maneti athu n'kuwamangirira m'kati mwa tenti. Mwana akatentha thupi mutabwerako, kayezetseni tsiku lomwelo. Madzi akumwa tinkawiritsa kapena kuthira mankhwala, pokumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe inasautsa kwambiri boma la Mangochi. Ndipo mbaula ya makala isalowe m'tenti, ngakhale mwera ukuwomba chotani mu Juni kapena Julayi. Mpweya wa makala sununkha, umangogoneka anthu tulo tosadzuka nato. Za ng'ona ndi mvuu funsani asodzi a pamalopo musanalowe m'madzi, ndipo kukada musasambe.

Nkhani ya nsomba inatipatsa phunziro lomwe Sukulu ya Sabata ikanalakalaka. M'mawa wina asodzi anafika ndi chambo, utaka, usipa ndi kampango wamkulu wonenepa. Ndinawauza ana kuti atsegule Levitiko 11 n'kusankha okha ndiwo. Anayamba kupalasa nsomba iliyonse ndi chala kufuna mamba. Kampango anatsala, monganso mlamba ukanatsalira, chifukwa khungu lake n'losalala. Msodzi uja anatiyang'ana n'kuti, "Kodi ndinu a Sabata eti?" Kenaka anatisankhira chambo chabwino.

Malo omwe tinkayendamo ali mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha tinsomba tamitundumitundu totchedwa mbuna. Ku Otter Point ana anaziona ndi maso, zabuluu ndi zachikasu, zikusewera pakati pa miyala. Chapafupi pali manda a amishoni a Livingstonia, omwe anafika ku Cape Maclear mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawatha. Tinaima pamenepo kanthawi. Ndinawauza ana kuti mishoni yathu ya Malamulo ku Thyolo inayamba mu 1902, patapita zaka 27 chifikireni anthu amenewa. Ku Monkey Bay nako tinaona doko lomwe ndi kwawo kwa sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951.

Zolipira pachipata ndi zokwera boti tinazichita m'kati mwa mlungu. Lachisanu tinaphika nyemba, mpunga ndi chambo chokazinga, tinachapa, tinasamba dzuwa likadali m'mwamba, n'kutsegula Sabata titakhala pamchenga, dzuwa likulowa kutsidya kwa madzi. M'mawa tinakapemphera ku mpingo wa alamu ku Monkey Bay. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi: mukapita ku tchuthi, kapempherani ndi abale a kumeneko. Tinalandiridwa ngati obwera kuchokera kutali kwambiri, ndipo amayi a Dorika anakana kuti tidye tokha chakudya chomwe tinabwera nacho.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Usiku wachitatu mphepo inazula zikhomo ziwiri, tenti n'kutigwera kumaso cha m'ma 2 koloko. Anyani anatibera mkate ndi nthochi titasiya dengu panja. Msana wanga sunagwirizane ndi katiresi kopyapyala, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakumbukira bedi la m'kalavani ija. Amayi akunyumba akuti ulendo wina titenge matiresi enieni, timange pamwamba pa galimoto.

Sindikunena kuti kalavani ndi yoipa. Ngati muli ndi galimoto yamphamvu yokhala ndi chokokera choikidwa bwino, malo oisungira pamthunzi, ndipo mungayende maulendo angapo pachaka popanda kukhudza chakhumi, fizi kapena kukalowa ngongole ku banki m'khonde, igulani, koma mutenge makaniko ndipo muone mapepala musanatulutse ndalama. Mwina mabanja atatu kapena anayi a mumpingo umodzi angathenso kusonkherana n'kumasinthana, ngakhale ndikudziwa kuti mu nyengo ya misasa aliyense adzaifuna mlungu womwewo.

Alamu akuti kalavani ija ikadali pomwe tinaisiya, ndipo pansi pake nkhuku zayamba kuikira. Malata tinagula, nyumba tinafolera mvula isanayambe. Tenti ili pamwamba pa wadirobu, ndipo mwana wamng'ono uja wandikumbutsa kale kawiri kuti zikhomo ziwiri zija zinapindika, tikawongoletse kwa wowotcherera Ogasiti asanafike.