Funsani kaye kumene mwana akupita

Makolo amene ali ndi kangachepe m'thumba akuvutika ndi funso limodzi masiku ano: mwana alembe MSCE ya MANEB, kapena asamukire ku mayeso a Cambridge, mwinanso a IB? Ine ndikuti nkhaniyi tikuiyambira kumchira. Choyamba tidziwe chimene mwanayo akufuna kukaphunzira, ndiponso kumene akakachiphunzire.

Ngati maso ali pa UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI kapena MUST, MSCE ndi yokwanira. Bungwe la NCHE limafuna makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo a IGCSE ya Cambridge nawonso amapikisana pa malo omwewo. Chimene chimagwetsa ana ambiri ndi maphunziro amene anasankha polowa Fomu 3. Mwana amene anathawa Chemistry ndi Physics aiwale za udokotala ku KUHeS, ngakhale mapointi ake atakongola chotani.

Wofuna ku England nkhani yake ndi ina. Kumeneko digiri yoyamba imatenga zaka zitatu, pomwe kwathu kuno zambiri zimatenga zinayi, chifukwa ana a ku England amalowa atatha kale zaka ziwiri za A-Level. Wa MSCE kawirikawiri amauzidwa kuti ayambe wachita chaka chokonzekera, cholipiranso. A-Level, yomwe amaphunzitsa ku Kamuzu Academy ku Mtunthama ndi ku St Andrew's ku Blantyre, imayanja mwana wodziwa kale chimene akufuna, poti ambiri amatenga maphunziro atatu okha n'kuzama nawo. IB, imene ili ku Bishop Mackenzie ku Lilongwe, imamusenzetsa maphunziro 6 ndi kafukufuku wa mawu osapitirira 4,000, ndipo mapointi apamwamba ndi 45. Imeneyi ndi ya mwana amene sanatsimikize mtima koma amakhoza masamu ndi zilankhulo zomwe.

Tisaiwale thumba. Mtengo wa mayeso akunja umatsatira ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsika ndi 44 peresenti. Kuchotsa mwana pakati pa IGCSE n'kumusamutsira ku MSCE chifukwa fizi yavuta kumamupweteka kwambiri, pakuti masilabasi awiriwa sayendera limodzi. Bola akanangoyamba ndi MSCE n'kuimaliza bwino.

Choncho musanalipire kalikonse, khalani pansi ndi mwanayo, muwerenge limodzi zimene yunivesite akuifunayo imafuna, kenako musankhe sukulu. Musatengere zimene achita a pakhomo loyandikana nanu: fizi ikadzakwera mudzalipira nokha.