Yoga pasukulu yakumudzi: zimene ndimaphunzitsa ndi zimene ndimasiya

Mwana wakumudzi sasowa masewera olimbitsa thupi. Asanalowe m'kalasi amakhala atalima mizere ingapo, atasenza chidebe kuchokera kumjigo, kenako n'kuyenda mtunda wautali kudzafika kusukulu. Nyonga ali nazo kale. Chimene palibe amene anamuphunzitsa ndi kumasula thupi lotopalo ndi kukhazika mtima pansi mantha akamugwira. N'chifukwa chake Lachitatu lililonse masana, maphunziro akatha, ndimatenga ophunzira a Fomu 4 ofuna okha n'kuchita nawo yoga kwa mphindi 30 pansi pa mitengo ya mango.

Makolo amandifunsa mafunso awiri nthawi zonse: kodi zimenezi si kupembedza mafano? Nanga zimachiza matenda? Ndiyankha onse awiri poyera, chifukwa kholo liyenera kudziwa chimene mwana wake akuchita kusukulu.

Yoga inachokera ku India ndipo mizu yake ili m'chipembedzo. Mawuwo ndi a chinenero cha Sanskrit ndipo amachokera ku liwu lotanthauza kumanga pamodzi, monga mmene timamangira ng'ombe ziwiri pagoli. Buku lakale la Patanjali, lotchedwa Yoga Sutras, limagawa yoga m'magawo 8. Kaimidwe ndi kakhalidwe ka thupi, komwe amati asana, ndi gawo limodzi chabe. Kulamulira kapumidwe, komwe amati pranayama, ndi lina. Magawo omaliza ndi a kusinkhasinkha kwauzimu monga mmene Ahindu amakumvera. Choncho abusa kapena ashehe akamafunsa, sakulakwa ayi. Wobisa chiyambi chimenechi pofuna kukopa anthu ndiye akuyambitsa chikayiko.

Ine ndimatenga magawo awiri okha, a thupi ndi a kupuma. Sitiimba liwu loti Om. Sitichita Surya Namaskar, chifukwa dzinalo limatanthauza kulonjera dzuwa, ndipo kwa Ahindu Surya ndi mulungu. Ndisanayambe ndinakafotokoza zonsezi kwa aphunzitsi aakulu ndi ku komiti ya makolo, n'kupempha kuti wofuna abwere adzaone ndi maso ake. Anabweradi amayi angapo ndi mkulu wa mpingo wina. Makolo ena anakanabe, ndipo ana awo sabwera. Palibe amene amawanyoza kapena kuwachotsera malikisi. Chikumbumtima cha munthu sichikakamizidwa.

Nanga timachita chiyani? Timayamba ndi kuima mowongoka, mapazi onse atagunda pansi. Timaweramira kutsogolo pang'onopang'ono kuti msana ndi kuseri kwa ntchafu zimasuke, malo amene khasu ndi njinga zimaumitsa. Timagwada manja ali pansi n'kupinda msana m'mwamba ndi pansi ngati mphaka wongodzuka kumene. Atsikana osenza katundu pamutu amakonda za khosi ndi mapewa. Pomaliza timakhala phee n'kumapuma: kukoka mpweya ukuwerenga mpaka 4, kuutulutsa ukuwerenga mpaka 6. Apa palibe matsenga. Munthu akamatulutsa mpweya pang'onopang'ono, mtsempha wotchedwa vagus umachedwetsa kugunda kwa mtima, ndipo thupi limaleka kukhala ngati likuthawa chilombo. Wophunzira amene manja amanjenjemera akalandira pepala la masamu angathe kuchita zimenezi atakhala padesiki, popanda wina kudziwa.

Zipangizo zodula zimene mumaona pa Facebook sitili nazo, ndipo sitizisowa. Mphasa kapena thumba la feteleza lochapa bwino limakwanira. B.K.S. Iyengar, mphunzitsi wa ku India amene anabadwa mu 1918 n'kumwalira mu 2014, anadziwika chifukwa chogwiritsa ntchito malamba, timatabwa ndi mipando pothandiza anthu ouma thupi kuti asadzivulaze. Ifenso chitenje ndicho lamba wathu, njerwa yokutidwa ndi nsalu ndiyo kathabwa kathu. Iyengar yemweyo ali mwana anadwala malungo, TB ndi typhoid, ndipo anayamba yoga ali wofooka kwambiri. Ophunzira anga ndimawauza nkhaniyi kuti wowonda ndi wonenepa yemwe asachite manyazi.

Tsono pa funso lachiwiri lija: yoga si mankhwala. Sichiza malungo, sichiza shuga, silowa m'malo mwa ma ARV. Mwana akatentha thupi apite kuchipatala akayezedwe. Amene amakomoka, amene ali ndi vuto la mtima kapena wavulala kumene, ayambe wafunsa achipatala. Kuima chadodolido mutu uli pansi sindiphunzitsa, chifukwa khosi likavulala kuno chipatala chili kutali. Lamulo lathu ndi limodzi: pakapweteka, leka. Anyamata amavutika nalo lamuloli chifukwa anazolowera mpikisano wa mpira, aliyense kufuna kuposa mnzake. Pa yoga palibe chigoli. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zala zimene lero sizifika kumapazi zimadzafika patapita miyezi.

Ineyo ndinaphunzira kwa mnzanga wina pamene tinkachita dipuloma ya uphunzitsi. Ndimachita ndekha m'mawa kwa mphindi 15 ndisanapite kuntchito. Kuima pabolodi tsiku lonse ndi kuwerama pochonga makope a kalasi yodzaza kumalemetsa msana, ndipo ndikadumpha masiku angapo thupi limandiuza lokha. Phindu lina ndi loti ndikapuma kaye katatu ndisanayankhe mwana wamwano, mawu amene amatuluka amakhala ena.

Mu December 2014 bungwe la United Nations linakhazikitsa 21 June kukhala tsiku la yoga padziko lonse, potsatira pempho la nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, ndipo linakumbukiridwa koyamba mu 2015. Kumpoto kwa dziko lapansi limakhala tsiku lalitali kwambiri pachaka. Kwa ife ndi pakati pa chisanu, nthawi imene a Fomu 4 amagona mochedwa ndi tochi m'manja poopa MSCE.

Aphunzitsi anzanga, timawapanikiza ana ndi mayeso oyeserera ndi makalasi a Loweruka, koma za mantha awo sitikamba. Simukufunika kudziwa dzina la Sanskrit ngakhale limodzi. Yambani mwauza makolo zoona zake, siyani zimene zikuwombana ndi chikhulupiriro chawo, kenako phunziro lisanayambe apatseni ana mphindi 3 zokhala chete, akoke mpweya mpaka 4, autulutse mpaka 6.