Fodya wa pachala ndi kandege ka pafoni

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mwambiwu unandibwerera tsiku lina pa siteji ya kabaza ku Mchesi, nditapeza bambo wina atawerama pafoni akubetcha pa masewera a kandege, anzake atamuunjirira. Kandege kankakwera, nambala nayo ikukwera: 2, 3, 5. "Tsitsani, achimwene, tsitsani!" anzakewo ankakuwa. Iye ankadikira 10. Kandege kanauluka. Anapukuta thukuta ndi chipewa, n'kulunjika kwa ajenti kukaikanso ndalama ina. Mmodzi mwa anzakewo anandinong'oneza kuti ndalamayo inali ya mwini njinga, yoti akapereke madzulo omwewo.

Sindikuti munthu wamkulu asabetche. Lamulo limalola aliyense amene wakwana zaka 18, ndipo makampani amatenga ziphaso ku bungwe la MAGLA, lomwe linabwera ndi lamulo la juga la 2022. Alipo anthu amene amaika K500 pa Bullets kapena Wanderers Loweruka, akadyedwa amaseka n'kukagona tulo tabwino. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mpanda unagwa. Kale juga ankatchovera kuseri kwa msika. Kukada ankabalalika, ndipo manyazi ankabweza ena. Lero Airtel Money ndi Mpamba zili m'thumba, munthu amabetcha ali m'bulangete, mkazi wake ali mtulo pambali.

Masamu ake sabisika. Kampani ya Spribe, imene inapanga masewera a kandege otchedwa Aviator, imanena yokha kuti masewerawa amabweza K97 pa K100 iliyonse imene anthu aika. K3 ikuoneka yochepa. Koma ulendo umodzi wa kandege umatha m'masekondi, ndipo ndalama imene wawina umaiikanso. Ukaizunguliza yonse ka 30, kutengera masamu omwewo, yoposa theka imakhala itapita. Apa palibe ufiti, palibenso "nthawi yabwino" imene ena amagulitsa pa WhatsApp. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mawu oopsa kwambiri pa juga ndi akuti "ndingobweza zanga basi". Akayamba kutuluka m'kamwa, kusangalala kwatha. Kotsatira ndi katapila, kupinyolitsa foni ya mkazi, kunama kuti malipiro achedwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limawerenga chizolowezi chotere m'gulu la matenda, choncho tisamangoti ndi uchitsiru. Wodwala amafunika aphungu, ngati a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Malire aikidwe mutu uli wozizira, foni isanatsegulidwe. Tsiku la malipiro, ya lendi, ya fizi ndi ya ufa ichoke kaye m'foni, ipite kwa eni ake kapena ku banki m'khonde. Yotsala yoti mungataye osalira ndiyo yobetchera, ikatha yatha. Ya ngongole kapena ya mwini isakhudzidwe n'komwe.

Komabe mtima wa munthu pawokha sukwanira, n'chifukwa chake ndikuyang'ana kwa a MAGLA. Ku Britain, kuyambira mu 2018, munthu amatha kulembetsa ku GamStop n'kudzitsekera yekha, ndipo lero makampani onse a ziphaso a pa intaneti amamukana pakamodzi. Mu 2020 analetsanso kubetcha ndi khadi la ngongole. Ifenso tikufuna khomo limodzi lotero, losavuta kulipeza, lolembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, komanso malire a ndalama imene munthu angaike patsiku. Kamawu kakang'ono kakuti "betchani mosamala" pansi pa chikwangwani chachikulu sikatchinga aliyense.

Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Anzake a bambo uja anakuwa pamene kandege kanali m'mwamba, koma pamene ankapita kwa ajenti palibe anamugwira mkono. Inenso ndinangoyang'ana, ndipo mpaka lero zimandiwawa.